Jeke ya Che Uthman ndi Thumba la Anthu Awiri

Chaka chimenecho kuponi imodzi inkagwera mabanja awiri, ndipo amene anaganiza zoti ine Anesi ndigawane thumba ndi alamu anga a Liness ayenera kuti anali munthu wokonda kuonerera ndewu. A Liness ndi mlongo wawo wa amuna anga, a Redson. Amuna angawo anali ku Joni, kumene ankatitumizirako moni wochuluka zedi. Ine ndinatsala pachitengwa ndi ana atatu komanso munda wa chimanga chofika m'mawondo, masamba ake ali achikasu ngati maso a munthu wodwala. Feteleza wokulitsa ndinali nditamuphonya kale. Theka la thumba la yureya, wobereketsa uja, ndilo linali chiyembekezo changa chonse. Ndinkadziwa kuti likandiphonyanso limeneli, ine ndi ana anga tikhalira ganyu m'minda ya anthu chaka chathunthu.

Chaka cham'mbuyo mwake tinagawananso ndi alamu omwewa. Thumba linagona kwawo tsiku limodzi lokha, n'kudzuka litaonda. Iwo anandifotokozera mwachifundo kuti feteleza akagona amaphwera. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma ulusi wosokedwa kachiwiri ndimaudziwa. Ndiye ulendo uno ndinati fodya wako ndi amene ali pamphuno, kudepoti pa Mtunthama ndipita ndekha ndi miyendo yanga. Alamu nawo anapita ndi yawo.

Sitinali tokha ochenjera. Mudzi wonse unaganiza chimodzimodzi, moti thumba lililonse linali ndi alonda awiri. Titagula, tinagwirizana ndi Che Uthman, mwini golosale pamsika pomwepo, kuti atinyamule pa lole yawo. Loleyo ndi yakalekale, yonyamula chilichonse: mabelo a fodya, mbuzi, maliro, akwati. Tenti yofunditsa katundu tsiku limenelo panalibe, akuti inali kusadaka kwa abale awo. Tinakweza matumba, ife n'kukwera pamwamba pake, aliyense pa thumba lake. Pa lathu panakhala thako limodzi langa ndi thako limodzi la alamu, ndipo tinayenda chomwecho mwachikondi, wina kuyang'ana kum'mawa wina kumadzulo.

Tinasiya msewu waukulu n'kulowa wafumbi wodutsa m'minda ya fodya. Kwathu kuno n'kwa see, umaona mvula idakali kwa eni ake. Cha ku Chamama kunali kutayamba kuda, koma aliyense ankati imeneyo ndi ya anthu a komweko. Titangowoloka kadambo kena, tinamva phuu! Lole inatsimphina, n'kupendekera mbali yathu, n'kuima.

Che Uthman anatsika, anayang'ana tayala lakumbuyo lili phwatalala, kenako anatiyang'ana ife pamwamba paja ngati ndife tabaya.

"Musadandaule," anatero. "Sipeya ilipo, jeke ilipo. Musanamalize kundinena tikhala tanyamuka."

Anasolola jeke kuseri kwa mpando. Inali yofiira kalelo, yooneka ngati botolo lonenepa, yopopa ndi kachitsulo. Pamenepo a Yobu anadumpha pa lole, atauza kaye akazi awo kuti akhalire thumba mbali zonse. A Yobu ndi wodinda fodya wotchuka m'mudzi mwathu, ndipo chiyambire sindinamvepo chinthu chimene iwo sachidziwa.

"Jeke imeneyi ndimaidziwa ngati mwana wanga," anatero a Yobu. "Ndinadindira mabelo chaka chatha, yanga yopotokola ija itatha mano."

"Ndikukumbuka," anayankha Che Uthman. "Munabwereka ya sabata imodzi, munabweza okushoni atatseka."

Che Uthman anaika jeke pansi pa ekiselo, chitsulo chachikulu chogwira matayala chija, n'kuyamba kupopa. Jeke inagwira ntchito bwino lomwe, kungoti inasokoneza kolowera. M'malo mokweza lole kumwamba, inayamba kudzikwirira yokha mumchenga. Che Uthman anapopabe mwamphamvu mpaka inatsala khosi lokha.

"Ikufuna madzi imeneyo, ikukumba chitsime," anatero mayi wina pamwamba, anthu n'kuseka.

Anaifukula, a Yobu n'kukazula mwala waphanthiphanthi pa kamlatho ka padambo paja, n'kuuyala pansi. Jeke inakhala pamwala ngati mfumu pampando. Anapopanso. Mutu wake unakwera pang'ono, unagunda ekiselo, basi. Kachitsulo kankangopita m'mwamba ndi pansi, lole ili phee, osamva kanthu.

Che Uthman anaitulutsanso, anaiimika pamalo osalala, anamasula kabawuti kotsitsira kali m'munsi mwake, n'kupondereza mutu uja mpaka unalowa wonse. Kenako anatokosa kachitsekero ka labala kam'mbali, anathyola kaudzu n'kulowetsa pabowo. Kaudzuko kanatuluka kouma, kunsonga kokha ndiko kunali zinthu zakuda zonanda. Anakanunkhiza. Anakanunkhizanso. Kenako anakapereka kwa a Yobu mwaulemu ndi manja awiri.

"Achimwene, tandithandizani mphuno. Jeke yanga inayamba liti kukazinga zitumbuwa?"

A Yobu anakanda m'mutu. "Inkadontha, ndiye ndinangothiramo pang'ono ophikira. Mafuta ndi mafuta, Che Uthman."

"Zoona. Ndipo inu mukamva ludzu mudzabwere kugolosale, ndidzakupatseni parafini. Zamadzimadzi ndi zamadzimadzi."

Amati mutu umodzi susenza denga, ndipo pa lole paja mitu inalipo yokwanira kusenza denga la tchalitchi. Wina anati athiremo mafuta a mabuleki. Wina anati oilo wakutha wa mu injini. Mkulu wina amene sanayendetsepo ngakhale wilibala anati jeke zamtunduwu zimafuna kuziika padzuwa kaye. Ine ndinati ngati zafika pamenepo, thobwa ndili nalo m'chigubu.

"Mafuta a mabuleki amadya malabala a mkati," anatero Che Uthman osatiyang'ana n'komwe. "Lero ikweza, mawa ikhala ikukodza paliponse. Inu khalani pa feteleza wanuyo, za jeke zisiyeni."

Anapendeketsa jeke, zonanda zija n'kutuluka pang'onopang'ono, zosakanikirana ndi fumbi la fodya. Kutsogolo kwa lole anali ndi katoni ya katundu wa kugolosale, ndipo anatulutsamo timabotolo ta mafuta a makina osokera. Ankatsegula kamodzikamodzi, akuthira, akuyang'ana a Yobu ndi diso loti nkhaniyi sinathe. Anathira mpaka mafuta anafika pamlomo pa bowo, n'kutseka.

Mphepo inali itayamba kuzizira. Mdima wa ku Chamama uja tsopano unali wa kwa Wimbe, ndipo kwa Wimbe ndi pakhomo. Ndinasisita thumba pansi panga ngati mwana wodwala. Alamu anaona, nawonso n'kusisita mbali yawo, kuopa kuti ndingalizolowere.

Jeke inabwerera pamwala. Ulendo uno kachitsulo kopopera kankabwerera kokha m'mwamba, kofewa ngati ukuponda matiresi. Lole inkagwedezeka pang'ono n'kukhalanso.

"Yameza mpweya," anatero Che Uthman.

"Ndimati ndinene zomwezo," anatero a Yobu.

Che Uthman anaitulutsa kachitatu. Anamasula kabawuti kotsitsira kaja, n'kupopa chopanda katundu kambirimbiri, mofulumira. Atatero anatsegula pang'ono kachitsekero ka labala, jeke n'kuti fyuu! Amayi pa lole anaseka mpaka misozi. Wina anati ayi ndithu, zitumbuwa za a Yobu zinali ndi nyemba. Che Uthman anabwereza kawiri, fyuu wachiwiri anali wamanyazi, ndipo kachitsulo kanalimba.

Apa lole inakwera ndithu. Tinamva mbali yathu ikudzuka, anthu n'kuyamba kuwomba m'manja. Che Uthman anasiya kupopa kuti atenge sipanala, ndipo pamene ankatembenuka, ife tinali tikutsika pang'onopang'ono ngati dzuwa. Anapopanso, tinakwera. Anasiya, tinatsika. Ndikanakhala mwana ndikanasangalala nawo katungwe waulere ameneyu.

A Yobu anagona chafufumimba n'kuyamba kukwawira kunsi kwa lole kuti akaone chimene chikuchitika. Che Uthman anawagwira mwendo n'kuwakoka ngati mbuzi.

"Mukufuna ndikanene chiyani kwa akazi anu? Kuti mwadindidwa ngati belo? Jeke si m'bale wanu, bambo. Ngakhale yatsopano, munthu salowa kunsi popanda chipika. Kasakeni chipika."

A Yobu anapita kuchigafa china chakugwa chapafupi n'kubwera ndi mtengo wonenepa. Pamenepo Che Uthman anali atakhala pansi, jeke ili pakati pa miyendo, akuilankhula ngati mwana wosamvera. Anati mkati muli kampira kachitsulo kotseka njira ya mafuta, ndipo kachinyalala kakakhala pamenepo mafuta amabwerera. Anamanga kabawuti, anakoka mutu wa jeke ndi manja mpaka pamwamba, anamasula, n'kuukankhira pansi mwamphamvu kuti mafuta atsuke njira. Anachita zimenezi mobwerezabwereza, thukuta lili kamukamu, akutchula dzina la a Yobu pa kukankha kulikonse.

Ataibwezera, jeke inakwera ndipo inaima osatsika. Koma tayala lisanasiyane ndi dothi, inakana kupitirira. Che Uthman anakanikiza kachitsulo ndi thupi lonse, jeke n'kungolira tswii, osasuntha. Anaimirira, anapukuta manja, n'kuyang'ana pamwamba.

"Jeke yachira," anatero. "Odwala tsopano ndinu. Jeke iyi ndi yokweza lole, si yokweza mudzi. Tsikani nonse."

Anthu amene anali ndi nzeru zambiri za mafuta aja onse anasanduka ogontha. Wina anayamba kuyang'ana mitambo, wina zikhadabo. Ndani atsike n'kusiya mnzake yekha pa thumba?

"Alamu, tsikani inu poyamba, ndinu aakulu," ndinatero.

"Ayi alamu, yambani inu. Ine mwendo wachita dzanzi."

"Pepani. Ndikuthandizeni kutsika?"

"Musavutike, mlendo sagwira ntchito."

Zaka zonse zimene ndakhala pamudzi pawo, ndabereka ana atatu, ndaika maliro awo, koma ndinali mlendobe. Zinandiwawa, ndipo ndinakhazikika pa thumba paja ndi thako lachiwiri lomwe.

Che Uthman anati iwo alibe chimanga chodikira feteleza, golosale yawo ili ndi malata, ndipo akhoza kukhala pamenepo mpaka Ramadani. Mawu amenewa ndiwo anagwira ntchito. Anthu anagwirizana zotsika awiriawiri, aliyense ndi mnzake wa thumba, phazi ndi phazi ngati akwati potuluka m'tchalitchi. Ine ndi alamu tinatsika chomwecho, maso ali pa thumba.

Jeke inakweranso pang'ono, koma Che Uthman anati matumba okhala pamwamba penipeni pa tayala lophulikalo atsikenso. Lathu linali limodzi mwa amenewo. Amuna analitsitsa n'kuliika m'mbali mwa msewu, ife n'kuliperekeza ngati maliro.

Nthawi yomweyo kunatulukira wakabaza akuchokera kumsika, njinga yopanda munthu. Alamu anamuimitsa.

"Alamu, mvula iyi itipeza," anatero. "Kwathu kudzera njira yachidule ya m'mindamu si patali. Tikweze thumbali panjinga, likafikire kunyumba kwanga, mawa tigawana bwinobwino."

"Maganizo abwino," ndinatero. "Koma likafikire kwanga. Kwanu feteleza amaphwera."

"Kwanu denga limadontha."

"Limadontha madzi, alamu. Silidontha feteleza."

Wakabaza anatiyang'ana, anayang'ana kumwamba, n'kupalasa njinga yake osatsanzika. Munthu wopanda chipiriro.

Sindikumbuka amene anayamba kunena, ndipo alamu akamati ndinali ine, akunama. Koma mfundo inali yomveka: tigawane pompano, aliyense asenze theka lake pamutu, tidzere njira yachidule, tiwasiye anthuwa ndi jeke yawo yodwaladwalayo. Aka kanali koyamba chikwatiwire changa kuti ine ndi alamu tigwirizane chinthu, ndipo ndikanayenera kudabwa pomwepo.

Alamu anatulutsa lezala pa mfundo ya chitenje. Che Uthman anali akumasula manati, koma anatiponyera mawu.

"Amayi inu, thumbalo lili ndi pulasitiki mkati. Likakhala chotseka, mvula ingolisambitsa kunja. Musalitsegule."

"Inu samalani jeke yanu, za feteleza zisiyeni," ndinawabwezera mawu awo omwe. Anthu anaseka, ndipo ndinamva kukoma.

Tinayala zitenje ziwiri pansi, changa ndi chawo. Tinatumbula thumba. Yureya anali mbee, wonyezimira, timibulu take tikuyenderera m'manja. Ndinaona chimanga changa chitabiriwira, ndinaona nkhokwe. Alamu anatulutsa mbale m'dengu mwawo, n'kuyamba: yanu, yanga, yanu, yanga. Sipanapite nthawi ndinaona kuti mbale ya "yanga" inkatuluka ndi phiri pamwamba, pamene ya "yanu" inkatuluka yometedwa.

"Alamu, dzanja lanu likudwala mbali imodzi ngati lole ya Che Uthman."

"Ndiye yezani inu, mwini sikelo."

Tinabwezera zonse pamodzi n'kuyambiranso, ine ndikuyeza, iwo akusalaza ndi kamtengo. Kenako panabuka nkhani ya thumba lenilenilo. Thumba la feteleza ndi katundu, limasunga chimanga, limakhala mphasa, ndipo pulasitiki yamkati imafolera denga. Chaka chatha zonse ziwiri zinatsala kwa alamu. Iwo anati kuponi inalembedwa dzina la kubanja kwawo. Ine ndinati ndalama tinasonkha mofanana. Tinakhuthulira feteleza yense wotsala pa zitenje, alamu anagwira uku, ine uku, lezala n'kudutsa pakati pa thumba ndi pulasitiki yomwe. Chilungamo chinaoneka ndi maso.

Kumbuyo kwathu jeke inali itakweza lole bwinobwino, chipika chili pansi pake. Tayala lophulika linatuluka, sipeya inalowa, manati anamangidwa. Che Uthman anamasula kabawuti pang'onopang'ono, lole n'kutera pansi mofatsa ngati nkhuku pa mazira. A Yobu ankauza aliyense kuti akanapanda mwala wawo ndi chipika chawo, bwenzi tikugona pomwepo. Matumba anakwezedwanso, eni ake n'kukwera awiriawiri.

"Amayi a sikelo, tikunyamuka!" anakuwa Che Uthman.

"Tatsala pang'ono!"

Dontho loyamba linagwera m'mbale, n'kuti tho. Lachiwiri pa dzanja langa. Kenako kunamveka mkokomo m'masamba a fodya, ukubwera ngati ng'ombe zothawa, ndipo tisanagwire ngakhale makona a zitenje, inatipeza. Sinali mvula yoyamba ndi moni. Inangokhuthuka.

Ndinakulunga chitenje changa, ndinachikumbatira, ndinachigonera. Chitenje ndi nsalu, sichidziwa kukana madzi. Ndinatola theka langa la pulasitiki kuti ndifunditse, mphepo n'kulitenga, ndipo ngakhale likanakhala, linali lotumbuka mbali ziwiri. Ndinamva feteleza akuzizira pamimba panga ngati madzi a m'chitsime, akufewa, akuchepa. Pansi panga pankatuluka madzi oyera ngati mkaka, kutsetserekera m'ngalande ya msewu. Alamu anali chogwada patsidya, akukokolola ndi manja zimene zinali kusungunuka m'manja momwemo. Madzi awo ndi anga anakakumana m'ngalande muja n'kuyendera limodzi, osakangana.

Ndinalira. Sindinalire mwaulemu ayi, ndinalira mokuwa ngati pamaliro, ndikutchula mayina a ana anga.

Pa lole anthu anali atanyowa ngati nkhuku, koma matumba awo otseka anali gwa pansi pawo, madzi akungotsetsereka pamwamba. Palibe anaseka. Che Uthman anatsika m'mvula momwemo, anatinyamulira timitolo tathu tonyowa n'kutiika kutsogolo, pampando, pambali pa jeke. Sananene kuti ndinakuuzani. Ndikanakonda akananena, bwenzi nditapeza woti ndimuyankhe.

Chimene chinafika kunyumba chinali chiphalaphala chosadzaza ndi poto yemwe. Ndinachisungunula m'ndowa n'kuthira mizere ingapo ya kuseri kwa nyumba. Mizere imeneyo inabereka. Munda wonse wotsala unafika m'chiuno, n'kumasula ngayaye, mbewu ziwiri zitatu zokha n'kubereka tizitsononkho tonga chala. Alamu mpaka lero amauza anthu kuti ndinawawonongera feteleza. Ine ndimati lezala inali yawo.

Chakumapeto kwa Febuluwale ndinayamba ganyu wosoka fodya pa esiteti ina kutsidya kwa kadambo kaja. Tsiku lina ndinatenga mwana wanga wamkazi, Lusiya, chifukwa kumeneko ankapereka phala masana. Titafika pamalo paja, ndinafuna kudutsa mofulumira, koma mwana anaima. M'mbali mwa msewu, kutsata ngalande yonse mpaka kudambo, udzu unali wobiriwira bii, wonenepa, wautali kundiposa ine. Ng'ombe za munthu wina zinali m'menemo, zikudya mosafulumira.

"Amayi, taonani kubiriwira! Munda umenewu ndi wa ndani?"

Ndinamuuza kuti theka ndi lathu, theka ndi la azakhali ake, ndipo ayende msanga phala lingathe.